Kodi galu angachiritse amuna anga amene sagona chichitikireni ngozi?

Funso

"Amuna anga anapulumuka pa ngozi ya basi zaka ziwiri zapitazo. Munthu amene anakhala naye mpando umodzi anafera pomwepo. Mabala a m'thupi anapola, koma iwo sanabwerere mwakale: amalota zoopsa, amadzidzimuka chitseko chikangomenyetseka, basi sakwera, ndipo sachedwa kukalipira ana. Kuchipatala anati ndi PTSD, matenda a maganizo amene amabwera munthu akakumana ndi zoopsa, ndipo anayamba kukumana ndi phungu. Miyezi ingapo yapitayi tinatola kagalu, ndipo ndikuona kuti akakhala nako amadekha, masiku ena amagona mpaka kucha. Tsopano akuti kwa phungu sapitanso, galuyo akuwakwanira. Achibale akuseka kuti munthu wamkulu akulera galu ngati mwana. Kodi chiweto chingachiritsedi vuto limeneli, kapena tikungodzinamiza?" Mayi wa ana atatu.

Yankho

Mayi, simukudzinamiza. Kudekha kumene mukukuona bambo akakhala ndi galuyo ndi kwenikweni, ndipo akatswiri akhala akukuyeza m'magazi, m'malovu ndi m'kagundidwe ka mtima kwa zaka zambiri ndithu. Achibalewo asiyeni aseke. Chimene chandidetsa nkhawa m'kalata yanu ndi mawu oti kwa phungu sapitanso. Galu yemweyo akhoza kuwatulutsa bambo m'vutoli, akhozanso kukhala malo atsopano obisalamo, ndipo zonse ziwirizi zimayamba mofanana, ndi munthu amene wayamba kugona bwino. N'chifukwa chake m'miyezi yoyamba banja limalephera kusiyanitsa.

Tiyambe ndi chimene chikuwavuta. Munthu akaonana ndi imfa maso ndi maso, thupi limachita ntchito yake: mtima umathamanga, mpweya umafupika, minofu imakungika, makutu amatchera. Kachigawo ka ubongo kotchedwa amygdala ndiko kamaliza belu limeneli, ndipo mahomoni a adrenaline ndi cortisol amathamangira m'magazi. Kwa anthu ambiri belulo limaleka lokha pakapita masiku kapena masabata. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 70 pa 100 alionse amakumanapo ndi chinthu choopsa kwambiri pa moyo wawo, koma mwa iwowo amene amadwala PTSD sakwana 6 pa 100 alionse. Kwa ochepawo thupi limakana kukhulupirira kuti ngozi inatha, ndipo belu lija limangolirabe.

Dzina loti PTSD linalowa m'buku la matenda la bungwe la madokotala a zamaganizo la ku America mu 1980, patatha zaka zambiri madokotala akuona asilikali obwera ku nkhondo ya ku Vietnam komanso amayi amene anagwiriridwa akuvutika mofanana. Zizindikiro zake ndi izi: zoopsa zija zimabwerera zokha, m'maloto kapena masanasana. Munthu amazemba chilichonse chomukumbutsa tsikulo. Maganizo ake amada, amadziimba mlandu kuti bwanji anafa ndi mnzanga uja osati ine, ndipo mtima umauma moti ngakhale mwana wake akamuthamangira samva kanthu. Thupi nalo limakhala tcheru usana ndi usiku. Kukalipira ana kuja kumachokera pamenepa. Sikuti bambo anasiya kuwakonda anawo, koma munthu amene thupi lake likudikira ngozi mphindi iliyonse phokoso la ana limamulasa ngati chenjezo.

Nanga galu amalowa pati?

Chinthu choyamba, ndipo ine ndimachiona kuti ndicho chachikulu, n'chakuti galu safunsa mafunso. Munthu wa PTSD amatopa ndi maso a anthu, ngakhale a anthu omukonda. Inu mukawayang'ana bambo m'mawa, m'maso mwanu mumakhala funso loti mwagona bwanji lero, ndipo iwo amaliwerenga ngakhale musanatsegule pakamwa. Amadziwa kuti mukusowa munthu wakale uja, ndipo zimawapweteka kuti akulephera kukubwezerani. Galu sanamudziwe munthu wakaleyo. Sawayerekeza ndi aliyense, sawamvera chisoni, sadikira kuti achire. Mu 1991 Karen Allen ndi anzake ku yunivesite ya ku Buffalo anapatsa amayi 45 masamu ovuta oti awerengere m'mutu uku akuwayeza kugunda kwa mtima ndi kuthamanga kwa magazi. Ena anali ndi mnzawo wapamtima pambali, ena anali ndi galu wawo. Amene anali ndi mnzawo ndi amene matupi awo anabalalika kwambiri, pamene amene anali ndi galu anakhala odekha. Mnzako, ngakhale akufunire zabwino zotani, umadziwa kuti akukuona ngati ukukhoza kapena ukulephera.

Chachiwiri ndi kukhudza. PTSD imakhala m'thupi, ndipo mawu oti "khazikani mtima pansi, palibe choopsa" nthawi zambiri safika kumene manthawo ali. Dzanja limene likusisita ubweya wofunda limafikako. Johannes Odendaal ndi mnzake ku South Africa anasonyeza mu 2003 kuti munthu akacheza modekha ndi galu, kumusisita ndi kumulankhula, kuthamanga kwa magazi kumatsika mwa onse awiri, homoni ya oxytocin, imene imagwiranso ntchito pakati pa mayi ndi khanda, imakwera mwa onse awiri, ndipo cortisol amatsika mwa munthuyo. Mu 2015 ofufuza a ku yunivesite ya Azabu ku Japan anapeza kuti ngakhale kungoyang'anana m'maso kwa nthawi yotalikirapo pakati pa galu ndi mbuye wake kumakweza oxytocin. Si agalu okha ayi. Patricia Pendry wa ku Washington State University anayeza malovu a ophunzira 249 mu kafukufuku amene anatuluka mu 2019, ndipo amene anasisita amphaka ndi agalu kwa mphindi 10 zokha anapezeka ndi cortisol wotsikirapo kusiyana ndi anzawo amene anangoonerera kapena kudikira. Koma taonani bwino: ambiri mwa anthu anayezedwawa anali athanzi, ndipo kusintha kumene kunapezeka ndi kwa mphindi kapena maola. Ndi mpumulo weniweni, koma ndi mpumulo.

Mpumulowo umafunika kwambiri usiku. Bambo adzidzimuka pakati pa usiku, thukuta lili kamukamu, m'makutu mukumvekabe zitsulo zikukhulana. Kwa masekondi angapo sadziwa ngati ali m'chipinda kapena m'basi muja. Ndiye dzanja ligwera pansi pambali pa bedi n'kukhudza nthiti za galu zikukwera ndi kutsika. M'basi muja munalibe galu. Chinthu chimodzi chokhachi chimaubweza ubongo ku lero msanga kuposa mawu alionse. Palinso china chimene anthu ambiri a vutoli amanena okha: galu amamva zimene munthu sangamve, choncho ngati iye wagona mphuno ili pa miyendo, ndiye kuti panja palibe kanthu, ndipo munthu amadzilola kusiya ulonda. Mukhoza kuwathandiza bambo kuti zimene zikuchitika mwangozizi azizichita mwadala. Akadzidzimuka, ayike dzanja pamutu pa galu, akoke mpweya, kenaka autulutse pang'onopang'ono uku dzanja likutsetsereka kuchokera kukhosi mpaka kumchira. Kutulutsa mpweya kuzitenga nthawi yaitali kuposa kukoka, chifukwa n'kumene kumachepetsa liwiro la mtima. Akatero kangapo, atchule mokweza zimene akumva: khutu ili ndi lofewa, pansi pakuzizira, ndili kunyumba, lero ndi Lachiwiri. Aphungu amaphunzitsa njira imeneyi ngakhale kwa anthu opanda chiweto, kungoti ndi galu imagwira msanga.

Zina n'zodziwikiratu, sinditayapo nthawi. Galu amafuna kudya m'mawa kaya mbuye wake wagona kaya sanagone, amafuna kuyenda, ndipo munthu amene akanabindikira m'nyumba tsiku lonse amapezeka watuluka, waotha dzuwa, wapatsana moni ndi anthu. Kulera kumene achibale akukusekako n'kumene kukudzutsa mtima wouma uja. Munthu amene wakhala zaka ziwiri akudziona ngati katundu wa banja wapeza chamoyo chimene chikudalira iye.

Tsopano za kuchiritsa. Kafukufuku wambiri pa nkhaniyi wachitika pa asilikali opuma a ku America, ndipo ndi wa agalu ophunzitsidwa mwapadera, osati ziweto wamba. Agalu amenewa amaphunzira kwa miyezi yambiri kudzutsa munthu akamalota zoopsa, kumugunda ndi mphuno akayamba kunjenjemera, kumugonera pamiyendo kuti kulemera kwawo kumukhazike, ndi kuima pakati pa iye ndi gulu la anthu. Kuti galu amazindikira nkhawa ya munthu si nthano: ku Queen's University Belfast mu 2022 agalu anayi anatha kusiyanitsa thukuta ndi mpweya wa munthu wopanikizika ndi wa munthu yemweyo ali wodekha, ndipo anakhoza maulendo oposa 93 pa 100 alionse. Marguerite O'Haire ndi Kerri Rodriguez ku Purdue University anayerekeza mu 2018 asilikali 75 amene anali atalandira agalu otere ndi ena 66 amene anali kudikira. Amene anali ndi agalu zizindikiro zawo zinali zocheperapo, koma ambiri anali akadali ndi vutoli. Mu 2024 gulu la O'Haire, tsopano ali ku yunivesite ya Arizona, linatulutsa kafukufuku wina wa asilikali 156, ndipo patatha miyezi itatu amene anali ndi agalu anali bwinoko pa PTSD, nkhawa ndi kukhumudwa. Nthambi ya boma la America yoona za asilikali opuma nayo inatsatira anthu 181 kwa miyezi 18, ena ndi agalu ophunzitsidwa ntchito zapaderazi, ena ndi agalu ongokhala nawo monga otonthoza. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2021, zinasonyeza kuti magulu onse awiri anapezako bwino, ngakhale a agalu ophunzitsidwa anaposako pa zizindikiro za PTSD.

Pali zinthu ziwiri zimene ndikufuna mutengepo. China n'chokulimbikitsani: mu 2020 Rodriguez atafunsa asilikali chimene chimawathandiza kwambiri, ambiri anaika patsogolo zimene galu amachita mwachibadwa, monga kukhala nawo pafupi ndi kuwakonda, kuposa ntchito zophunzitsidwa zija. Ndiye kagalu kanu kotola sikochepa. Chinacho n'chakuti mu kafukufuku yenseyu agalu anawonjezedwa pa chithandizo chimene anthuwo anali kulandira kale. Palibe amene anauzidwa kuti asiye phungu atenge galu, ndipo palibe kafukufuku amene wasonyeza kuti galu payekha amathetsa PTSD.

Chifukwa chake chili m'mene vutoli limadzidyetsera. Tsiku lililonse limene bambo azemba basi, mtima umakhala m'malo kwa kanthawi, ndipo ubongo umaphunzira kuti ndapulumuka chifukwa sindinakwere. Mawa mantha amakula. Amayamba kuzemba basi, kenaka msewu waukulu, kenaka nkhani za ngozi pa wailesi, kenaka anthu amene angafunse. Njira za uphungu zimene zili ndi umboni wolimba zonse zimalimbana ndi kuzembaku. Pali imene anaikonza Edna Foa wa ku yunivesite ya Pennsylvania, yoti munthu azifotokoza za tsikulo mobwerezabwereza pamalo otetezeka ndi kuyandikira pang'onopang'ono zimene amaziopa. Pali ya Patricia Resick yolimbana ndi maganizo odziimba mlandu. Palinso EMDR, yoti munthu azikumbukira zoopsazo maso ake akutsatira chinthu choyenda uku ndi uku, imene anaiyambitsa Francine Shapiro kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo WHO inaivomereza mu malangizo ake a 2013 pamodzi ndi uphungu wolunjika pa zoopsazo. Zambiri mwa njirazi zimatenga maulendo 8 mpaka 16, ndipo anthu ambiri amene amafika nazo kumapeto amachira ndithu kapena kupezako bwino kwambiri.

Koma zimapweteka zikafika pakati. Pamene phungu wayamba kufunsa za munthu anakhala naye mpando umodzi uja, maloto akhoza kuwonjezeka kwa sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo apa m'pamene anthu ambiri amasiyira. Ndikukayika ngati bambo anasiya chifukwa choti achira. Ndikuganiza kuti anafika pamalo owawa, ndipo nthawi yomweyo panapezeka galu amene amawapatsa mtendere popanda kuwafunsa za tsikulo. Ndani sangasankhe galu? Ine sindiwaimba mlandu. Koma basi sakwerabe, ndipo zimenezo mwalemba nokha.

Ndiye nayi njira yodziwira kumene zinthu zikulowera. Musayang'ane kudekha kwawo akakhala ndi galu, yang'anani kukula kwa dera limene amayendamo. Tengani pepala mulembe malo amene bambo ankafikako ndi zinthu zimene ankachita galu asanabwere, kenaka mulembe za lero. Ngati chifukwa cha galuyo ayamba kufika kumsewu umene ankauopa, akucheza ndi anthu, akukhala pansi ndi ana, ndipo tsiku lina anatuluka okha galu atatsala, ndiye kuti galu akugwira ntchito yabwino. Koma ngati akukana kupita kulikonse kumene galu saloledwa, ngati maliro kapena ukwati wa m'bale akuuphonya chifukwa galu atsala ndi yani, ngati amapita kukakhala ndi galu nthawi iliyonse imene inu mwayambitsa nkhani yovuta, ndiye kuti vutoli langopeza chobisalira chatsopano. Ngakhale pa agalu ophunzitsidwa aja akatswiri amatsutsana pa mfundo yomweyi. Ena amati galu woima pakati pa munthu ndi gulu, kapena wolowa m'nyumba kukayang'ana ngati muli mdani, amangotsimikizira ubongo kuti dziko n'loopsadi. Ine ndili kumbali ya amene amati ntchito zotere zikhale za kanthawi, ndipo cholinga chikhale choti tsiku lina munthu adzachite yekha.

Chimene ndingakonde n'chakuti galuyo alowe m'chithandizo m'malo molanda malo ake. Phungu wodziwa ntchito sangadabwe nazo. Boris Levinson, katswiri wa maganizo a ana ku New York, analemba mu 1962 za mmene galu wake Jingles ankatsegulira pakamwa ana amene ankakana kulankhula naye, ndipo anzake ambiri anamuseka nthawi imeneyo. Ngakhale iye sanali woyamba: chipatala cha odwala maganizo cha York Retreat ku England, chimene chinatsegulidwa mu 1796, chinkasunga akalulu ndi mbalame kuti odwala azizisamalira. Bambo ndi phungu wawo akhoza kugwirizana masitepe. Sabata yoyamba ayende ndi galu mpaka pamene mabasi amaonekera patali, aime pamenepo mpaka mtima utatsika wokha, osathawa mantha ali pamwamba. Akazolowera, afike pamene mabasi amaima, amve injini ndi fungo la dizilo. Kenaka abwereze sitepe yomweyo galu atatsala kunyumba, chifukwa ubongo uyenera kuphunzira kuti anapirira ndi iwo, osati galu. Tsiku lokwera basi koyamba mwina mudzakhala pambali ndinu. Masitepewa asawapange okha mwaphuma, ndipo inu musawakankhe. Akabwera kwa phungu mutu uli wolemera, ola limodzi ndi galu panja ndi mankhwala abwino kwambiri a tsikulo.

Ngati anapatsidwa mapiritsi monga sertraline kapena paroxetine, asawasiye mwadzidzidzi chifukwa choti ayamba kugona, akambirane kaye ndi dokotala. Mapiritsi ogonetsa a mtundu wa diazepam sathetsa PTSD ndipo munthu sachedwa kuwazolowera. Mowa nawo umagonetsa msanga koma umawonjezera maloto oipa chakum'mawa.

Pali nkhani ina imene simunailembe, koma amayi ambiri amene ali pamalo anu amandiuza akamasuka. Zimawawa kuona mwamuna amene sakukhudzani, amene mwana akamukumbatira amauma, akugubuduka pansi ndi galu uku akuseka. Mwapirira zaka ziwiri, ndiye kagalu kobwera dzulo n'kamene kakulandira kumwetulira. Ngati mumamva choncho, si uchimo. Koma dziwani kuti sikuti asankha galu kusiya inu. Chikondi cha munthu chimabwera ndi mantha oti ndimukhumudwitsa kapena ndidzamutaya, pamene cha galu n'chopepuka, ndiye mtima wouma umayambira pamenepo. Gwiritsani ntchito khomo limenelo. Pitani nawo koyenda ndi galu, osayambitsa nkhani ya ngozi. Anthu ambiri amalankhula momasuka akamayenda moyandikana maso ali kutsogolo kusiyana ndi pamene akhala moyang'anizana. Ana apatsidwe ntchito zawo, wina madzi, wina kupesa ubweya, kuti galu akhale wa banja lonse ndipo bambo ndi ana apeze chochitira limodzi chimene sichifuna mawu ambiri.

Galuyonso muganizireni. Ofufuza a ku yunivesite ya Linköping ku Sweden anayeza cortisol mu tsitsi la anthu ndi mu ubweya wa agalu awo 58, ndipo mu 2019 anafotokoza kuti kupanikizika kwa nthawi yaitali kwa galu kumayendera limodzi ndi kwa mbuye wake. Galu amene akuyasamula pafupipafupi asali ndi tulo, kunyambita milomo, kutembenuzira mutu kumbali kapena kupinda mchira akukuuzani kuti zamukwana. Akhale ndi malo ake amene akapitako palibe womutsatira. Agalu ambiri sakonda kukumbatiridwa mothina, ndipo munthu wamantha amagwira mwamphamvu osadziwa. Usiku ndi bwino agone pa mphasa yake pambali pa bedi, pamene dzanja lingamufikire, osati pabedi penipeni, chifukwa munthu wolota zoopsa amaponya manja ndi miyendo, ndipo galu womenyedwa ali m'tulo amaluma asanaganize. Kafukufuku wa ku chipatala cha Mayo Clinic ku America wa 2017 anapezanso kuti anthu amagona bwinoko galu akakhala m'chipinda kusiyana ndi akakhala pabedi. Ngati ndi galu wouwa chilichonse chodutsa, muphunzitseni akadali wamng'ono, apo ayi adzakhala akuwadzidzimutsa bambo usiku wonse.

Popeza mwati munachita kutola, pitani naye kwa dokotala wa ziweto ngati simunapite kale. Katemera wa chiwewe sakambirana. Matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse padziko lonse, pafupifupi onse chifukwa cholumidwa ndi agalu, ndipo zizindikiro zikangoyamba munthu sapulumuka. Wina akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, kenaka thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Mankhwala a njoka za m'mimba, utitiri ndi nkhupakupa ndi ofunikanso kwa galu wolowa m'chipinda chogona. Ndipo kumbukirani kuti agalu ambiri amakhala zaka 10 mpaka 13, ena amasowa kapena kugundidwa zaka zimenezo zisanakwane. Munthu amene mtendere wake wonse waukoleka pa galu mmodzi, tsiku limenelo amagwa koopsa, makamaka ngati ndi galimoto yamugunda. Ichi ndi chifukwa china chofunira kuti bambo amalize chithandizo galuyo akadali wamoyo ndi wamphamvu.

Kwa owerenga ena amene ali ndi m'bale wa vuto lomweli: musathamangire kukamugulira galu ngati mphatso yomudzidzimutsa. Helen Brooks ndi anzake ataunika kafukufuku 17 mu 2018 anapeza kuti ziweto zimatonthozadi anthu ovutika maganizo, koma zimabweranso ndi mtolo wa ndalama, ntchito ndi chisoni zikafa. Munthu amene akulephera kudzisamalira yekha, chiweto chanjala chimangomuwonjezera kudziimba mlandu. Wina zoopsa zake zinali za agalu kumene, analumidwa kapena anathamangitsidwa nawo. Kwa wotere, kapena kwa amene phokoso limamuvuta, mphaka wogona pamiyendo, kalulu, mbalame, ngakhale nsomba za m'galasi zimachita zambiri mwa zimene ndafotokozazi. Ena amayamba ndi kuyendetsa galu wa mnzawo kawiri pa sabata, n'kuona ngati zikuwayanja. Mwini vuto ndiye asankhe.

Pali zinthu zimene galu sangadikire nazo, ndipo inunso musadikire. Ngati bambo ayamba kunena kuti bola akanafa iwowo pa ngozi ija, kuti banja lingapepukidwe popanda iwo, kapena ayamba kukonza za amene adzasunge galu iwo kulibe, afunseni mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikuika maganizowo m'mutu mwa munthu. Akavomera, musawasiye okha, chotsani mankhwala ndi zida zoopsa, ndipo pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzi ngati ukali wafika pomenya inu, ana kapena galu yemweyo. PTSD imafotokoza kumene ukaliwo ukuchokera, koma siipereka chilolezo, ndipo chitetezo cha ana chimayamba.

Poyambitsa nkhani ya phungu, musaiyambe usiku kapena atangodzidzimuka, ndipo musaiike ngati mpikisano wa galu ndi phungu, chifukwa mudzaluza. Sankhani tsiku limene agona bwino, muli koyenda. Mukhoza kunena kuti, "Bambo, ndikuona mmene galuyu wakuthandizirani, ndipo ndikusangalala. Tsopano poti mukugonako, mwina mphamvu zomalizira zija munasiya kwa phungu zapezeka. Tikamufunse ngati galuyu angakhale nawo m'dongosolo." Afunseninso chimene chinachitika pa ulendo womaliza. Mwina anafika pa nkhani imene sanaiuzepo munthu aliyense, mwina sanagwirizane ndi phunguyo, ndipo ngati ndi choncho kusintha phungu n'kololedwa. Pofuna wina, funsani mwachindunji ngati anaphunzira uphungu wolunjika pa zoopsa kapena EMDR, chifukwa si phungu aliyense amene anaziphunzira. Akakana lero, musakangane nawo. Pitani inuyo kwa phunguyo, mukafotokoze zimene mukuona kunyumba ndi zimene zili pa pepala lanu lija, ndipo mudzayambitsenso nkhaniyi pakatha masabata awiri kapena atatu.